Kodi del Toro adachita kuchotsedwa pa filimu ya The Hobbit?

Wowerenga wina wanditumizira imelo sabata yatha. Akuti: "Ndangomaliza kuonera mafilimu onse atatu a The Hobbit, ndipo pa intaneti ndikungopeza anthu akudandaula kuti zikadakoma akadatsogolera ndi Guillermo del Toro. Kodi munthuyu adachita kuchotsedwa? Nanga bwanji anthu sakumuiwala?"

Achimwene, palibe adamuthamangitsa, adachoka yekha. Del Toro, wa ku Mexico, adapatsidwa ntchitoyi mu Epulo 2008, nasamukira ku New Zealand komwe ankalemba nkhani ya filimuyi limodzi ndi Peter Jackson (yemwe adatsogolera mafilimu a The Lord of the Rings), Fran Walsh ndi Philippa Boyens. Adatha zaka ziwiri akukonza maonekedwe a zilombo, zovala ndi malo. Chidasokoneza zinthu ndi ndalama. Kampani ya MGM, yomwe inali ndi gawo la umwini wa filimuyi, inali itamira m'ngongole za madola mabiliyoni angapo, moti panalibe wotha kunena tsiku loyambira kujambula. Kumapeto kwa Meyi 2010, del Toro adalengeza pa TheOneRing.net, tsamba la okonda mabuku a Tolkien, mlembi wa The Hobbit, kuti wasiya. Ntchito yomwe ankaiyesa ya zaka zitatu inkaoneka kuti imudyera zaka 6, ndipo mafilimu ake ena ankamudikira.

Musaganize kuti onse adalira tsiku limenelo. Odandaula kwambiri anali omwe adaonera filimu yake ya Pan's Labyrinth ya 2006, muja muli chilombo choyera mbuu cha maso m'zikhatho, chokhala chete patebulo lodzaza zakudya. Iwo ankati munthu wotulukira chinthu chotere akadapanga zodabwitsa ndi chinjoka Smaug komanso akangaude a m'nkhalango ya Mirkwood, zilombo za mu The Hobbit. Koma ena mtima udakhala pansi. Ankaopa kuti kalembedwe kake ka zilombo sikagwirizana ndi The Lord of the Rings yomwe adaizolowera, ndipo ankakumbutsana mawu omwe del Toro adanenapo mu 2006 oti nkhani za timahobiti ta mapazi aubweya ndi zinjoka sizimusangalatsa. Gulu limeneli linkafuna Jackson, ndipo mu Okutobala 2010 lidamupeza.

Kulira kwenikweni kudabwera mafilimu atatuluka, kuyambira 2012 mpaka 2014. Buku la The Hobbit la 1937, la masamba pafupifupi 300, lolembedwera ana, lidakokedwa ngati legeni kukhala mafilimu atatu, pomwe del Toro ankakonza awiri. Mudalowa chikondi cha Tauriel ndi Kili, chonsecho Tauriel m'bukumo mulibe. Legolas, mmodzi mwa ankhondo a m'filimuyi, akudumpha pamiyala yomwe ikugwa m'malere ngati akukwera masitepe, ine pamenepo ndidaseka mokweza, pepani okonda. Ambiri omwe ankaombera m'manja kubwera kwa Jackson adayamba kumufuna del Toro.

Maganizo anga ndi oti filimu ya del Toro anthu amaikonda chifukwa sadaione. Aliyense amaijambula m'mutu mwake momwe akufunira, ndipo mulibemo cholakwika. Ikadatuluka, akadapezeka otukwana kuti chinjoka chake sichikufanana ndi cha m'buku. Chomwe chidapweteketsa mafilimuwa ndi nthawi. Jackson adakonzekera The Lord of the Rings kwa zaka, koma apa adangokhala ndi miyezi yochepa, kujambula n'kuyamba mu Malichi 2011, zambiri zomwe mnzake adakonza zitaikidwa pambali poti aliyense ali ndi kaonedwe kake. Jackson mwini adavomereza m'makanema osonyeza momwe ntchito idayendera kuti masiku ena ankafika pojambulira mapulani asanakhwime, ndipo nkhondo yaikulu ya m'filimu yomaliza adachita kuiimitsa kaye kuti aiganizire bwino.

Del Toro sadasowe chochita. Adapanga Pacific Rim mu 2013, ndipo mu 2018 The Shape of Water idamupezetsa mphoto ya mafilimu ya Oscar. Mukamadzaoneranso The Hobbit, musathamangire kuzimitsa mayina akayamba kuyenda kumapeto. Dzina lake lilipo pakati pa olemba, m'mafilimu onse atatu.