Mayi akubwera ku Finland, muwatengere kuti? Yankho langa ndi Aulanko

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene akuphunzira za unamwino ku Tampere. Akuti mayi awo akubwera kudzawaona mu July, ndipo akufuna malo a kunyanja okawasangalatsako tsiku limodzi, osadula, chifukwa ndalama yambiri yathera pa tikiti ya ndege. Anafunsanso ngati kuli malo ofanana ndi ku Mangochi kapena ku Salima.

Achemwali, ndiyambe ndi funso lachiwirilo: ayi, kulibe, ndipo mayi muwauziretu asanafike. Nyanja za kuno ndi zambirimbiri koma simupezako chambo chowotcha, nyimbo zaphokoso kapena ana ogulitsa mikanda pamchenga, anthu amangokhala duu kuyang'ana madzi ngati pali maliro, koma ndiye kusangalala kwawo kumeneko. Mukavomereza zimenezo, pitani ku Aulanko, paki ya nkhalango ndi nyanja pafupi ndi tauni ya Hämeenlinna. Sitima zambiri zochoka ku Tampere kupita ku Helsinki zimaima pamenepo, ndiye simuvutika, ndipo kuchoka mutauni kukafika ku pakiyo ndi makilomita ochepa chabe. Kulowa ndi ulele.

Chimene chimandisangalatsa ine ndi malowa nchakuti amaoneka ngati nkhalango yachilengedwe pomwe mbali yaikulu inachita kukonzedwa ndi manja a anthu. Mwini wake anali Hugo Standertskjöld, mkulu wa asilikali amene analemera ndi bizinesi yopanga mfuti ku Russia. Anagula malowa mu 1883, nthawi imeneyo Finland ili pansi pa mfumu ya Russia, n'kuyamba kuthira ndalama zake mmenemo: madambo anawakumba kukhala timaiwe tiwiri, Joutsenlampi ndi Metsälampi, anadzala mitengo yochokera kumaiko ena, analambula misewu, mpaka kumanga chinyumba cha miyala chooneka ngati bwinja lakalekale dala, kuti anthu aziganiza kuti ndi chamakedzana. Olemeratu ali ndi zochita. Ndalama ya mfuti kusanduka maluwa ndi timaiwe ta mbalame, ine pamenepo ndimangopukusa mutu, komabe bamboyu ankalola anthu wamba kulowa n'kumayendamo, ndipo mu 1926 malowa anapita m'manja mwa tauni ya Hämeenlinna.

Pamwamba pa phiri pali nsanja ya miyala yomwe inamalizidwa mu 1907, kutalika kwake mamita 33. Imatsegulidwa nyengo yotentha, ndiye July mwasankha bwino. Mukaima pamenepo mumaona nyanja ya Aulangonjärvi ili pansi phee, mitengo yokhayokha mpaka kumene maso alekezera, ndipo anthu a kuno malo amenewa amawawerengera m'gulu la maonekedwe onyaditsa dziko lawo.

Koma apa mundimvetsere bwino chifukwa mukupita ndi munthu wamkulu. Kuchokera pa nsanjayo pali masitepe opitirira 300 otsikira kumunsi komwe kuli chosema cha banja la zimbalangondo, chimene anasema Robert Stigell. Ine tsiku loyamba ndinatsika mothamanga ngati mwana, kujambula zithunzi, kuseka, kenako n'kukumbukira kuti kumtunda kuja ndiyenera kubwererako ndi miyendo yomweyi, ndinapuma kanayi thukuta lili kamukamu, agogo ena achizungu n'kundipitirira ndi timitengo tawo toyendera osandiyang'ana n'komwe. Ngati mayi amadandaula mawondo, asatsike. Akhale pamalo oonera pafupi ndi nsanja, inu mutsike mukawajambulire. Msewu wa galimoto umazungulira m'pakimo mpaka kufupi ndi nsanjayo, choncho mukapeza mnzanu wa galimoto kapena taxi mwawathandiza kwambiri.

Chakudya nyamulani chanu. Mpunga ndi nkhuku m'kontena, tiyi mu fulasiki, mandasi ngati mwakazinga, chifukwa kofi ndi kabanzi ka anthu awiri pa mtengo wa ma euro mayi akakasinthira m'makwacha mumtima chakudyacho sichitsika. Zinyalala mubwerere nazo, ndipo moto musakoleze paliponse, ndi malo otetezedwa.

Udzudzu ulipo, wambiri ndithu madzulo m'mphepete mwa madzi, koma muwatsimikizire mayi kuti wa kuno supatsa malungo, umangoyabwitsa. Choyenera kusamala ndi nkhupakupa za m'maudzu, zimenezo zimafalitsa matenda, inu a zachipatala mukudziwa kale, ndiye avale masokosi ndi nsapato zotseka, chitenje chokha ndi patapata ayi, ndipo pofika kunyumba muyang'ane m'miyendo. Juzi isatsale ngakhale dzuwa likuwala. Chakumapeto kwa July mumapezanso tizipatso takuda ta m'tchire totchedwa mustikka, kuthyola n'kololedwa kwa aliyense, palibe amene angakuthamangitseni kuti mwaba, mayi adzakhulupirira movutikira zimenezi.

Nthawi ikatsala, pobwerera ku siteshoni dutsirani pa Häme Castle, linga la njerwa lomwe linayamba kumangidwa zaka za m'ma 1200 m'mphepete mwa nyanja ya Vanajavesi. M'tauni momwemo muli nyumba imene anabadwira katswiri wopeka nyimbo Jean Sibelius mu 1865, panopa ndi myuziyamu, koma kunena zoona malo atatu tsiku limodzi ndi kuwatopetsa mayi. Ine ndikanasankha Aulanko yokha, kudya mosathamanga, basi.

Chomaliza, muziyang'ana wotchi. Mu July 9 koloko usiku kunja kumakhala kukadali mbee, mayi azikuuzani kuti tikhaleko pang'ono dzuwa likadalipo, sitima yanu n'kukusiyani. Akafika mudzandilembere, ndikufuna ndimve kuti za zimbalangondozo anati chani.