Mphwanga, za FFmpeg yako yokanika ija

Eee moni nonse mu gulu muno, amayi, a malume, azakhali, pepani voisi iyi italikako ndipo ndi ya mphwangayu yekha, enanu mutha kungoidumpha simutayapo kanthu, ndikuyankhira pano poti nayenso wafunsira pano.

Ndiye iwe mphwanga tamvera. Chithunzi chako ndachiona. Wati ukufuna kupanga compile FFmpeg wekha, kutanthauza kudzimangira wekha pulogalamu yosinthira mavidiyo imeneyi kuchokera ku code yake, pa laputopu ija ya Linux ya Ubuntu 24.04, kuti uzichepetsera mavidiyo a chinkhoswe ndi a kwaya aja asanapite pa WhatsApp, watsatira zomwe munthu wina analemba pa intaneti, sitepe yoyamba ya configure yadutsa bwinobwino koma yachiwiri ya make ikumayenda n'kufera panjira, ndiye funso lako ndi loti kodi laputopuyo yatha ntchito. Ayi sinathe. Laputopu ilibe mlandu, usayambe kuvutitsa a malume za ina.

Vuto loyamba ndi kajambulidwe kakoko. Wajambula kumunsi kwenikweni, pamene palembedwa make, tinyenyezi titatu, kenako Error 1. Mzere umenewo sutiuza chilichonse aise. Uli ngati kondakitala wa minibasi akamati tsikani galimoto yafa, iyeyo sadziwa chomwe chafa, wodziwa ndi uja wagona pansi pa galimoto. Make ntchito yake ndi ya kapitawo basi, amangotuma gcc, yemwe ndi amene amasandutsa code kukhala pulogalamu, kuti panga fayilo iyi, panga iyo, ndiye gcc akalephera make amangolengeza kuti zakanika n'kukhala pansi. Chifukwa chenichenicho chimakhala m'mwamba, nthawi zina mizere 5 m'mwamba, nthawi zina 200, umayenera kukwera mpaka upeze error yoyamba, chifukwa zinazo zimangotsatira m'mbuyo mwa yoyambayo.

Koma mwayi wako, pamwamba penipeni pa chithunzicho, pomwe chala chako chatsala pang'ono kuphimba, nditakuza ndaona mawu oti mathops.h, kenako operand type mismatch for shr. Komanso dzina la foda yomwe ulimo likuoneka, ffmpeg-4.4. Nditangoona ziwirizo ndinaseka ndekha kuno chifukwa matenda amenewa ndi odziwika, avutitsa anthu ambiri dziko lonse.

Nkhani yake ili chonchi. FFmpeg 4.4 inatuluka mu 2021, ndiye zomwe ukutsatirazo zinalembedwa nthawi imeneyo ndipo nthawi imeneyo zinkagwira, wolembayo sananame. Tsono anthu a FFmpeg amafuna liwiro kwambiri, ndiye malo ena m'malo molemba C yokhayokha amalowetsamo assembly, chilankhulo chomwe chili pafupi kwambiri ndi purosesa. Mu fayilo ya mathops.h imeneyo muli timalangizo tosuntha ma bit, shr ameneyo, ndipo nambala yomwe ankaipereka pamenepo inkatha kukhala yosayenera malo amenewo. Pulogalamu yomwe imawerenga assembly ya mtunduwu ili mu phukusi lotchedwa binutils, kwa zaka zambiri inkangotsinzina n'kulola. Mu 2023 itatuluka binutils 2.41 inasiya kutsinzina, inayamba kukana. Ubuntu 24.04 yakoyo imabwera ndi binutils 2.42. Waona pomwe pagona nkhani? Code yakale, zida zatsopano. Palibe chomwe walakwitsa potayipa, ungabwereze ka 10 zikanika pamalo omwewo.

A FFmpeg anakonza chaka chomwecho cha 2023, ndipo 6.1 yomwe inatuluka mu November chaka chimenecho inabwera itakonzedwa kale. Ndiye mankhwala ake ndi ophweka, fufuta foda ya 4.4 ija, pita pa ffmpeg.org ukatenge yatsopano, 6.1 kapena yoposera apo. Fayilo ya tar.xz ndi ma MB 10 ndi pang'ono chabe, bandulo yako siyilira.

Ukamafufuza pa Google upeza ena akuti bwezera binutils yakale. Chonde usayerekeze. Binutils ndi yomwe chilichonse chopangidwa compile pa makinawo chimadalira, ukaisokoneza udzandiimbira usiku. Ena akuti uyike --disable-asm pa configure, eya imadutsa, koma FFmpeg yake imatuluka yaulesi, vidiyo ya chinkhoswe ya maola awiri udzaidikira mpaka nkhuku kulira, pamene chomwe ukufunira pulogalamuyi ndi liwiro lomwelo.

Dikira kaye... iwe, tseka chitseko icho, ndikulankhula pa foni... eya pepani, mwana.

Ndimati chiyani, eya. Pali funso lomwe ndikufuna udziyankhe wekha moona mtima, n'chifukwa chiyani ukupanga compile? Chifukwa Ubuntu 24.04 ili nayo kale FFmpeg 6.1.1, ukangolemba sudo apt install ffmpeg yabwera, ili ndi x264, laibulale yochepetsera mavidiyo, momwemo, ndipo pa ntchito ya mavidiyo a kwaya imeneyo yakwana ndithu. Anthu amapanga compile okha akafuna chinthu chomwe Ubuntu sinaikemo, mwachitsanzo fdk-aac ya mawu ija, yomwe layisensi yake siyigwirizana ndi GPL, layisensi ya mapulogalamu ogawana momasuka, ndiye umayenera kuyika --enable-nonfree ndipo chomwe wapangacho suloledwa kugawira anthu. Ngati kasitomala akudikira vidiyo yake Loweruka, gwiritsa ya apt lero lomwe, ntchito ipite. Koma ndikukudziwa iwe, ukayamba chinthu sufuna kugonja, ndipo kunena zoona ine ndinaphunzira Linux m'njira yomweyi yovutikayi, ndiye ndikuuziretu maenje omwe ali kutsogoloku.

Usanayambe chilichonse, sudo apt update, kenako uyike build-essential, pkg-config ndi nasm. Build-essential uli nayo kale poti make yako inayenda, koma nasm uonetsetse, chifukwa ikasowa configure imaima n'kunena kuti nasm not found or too old. Nasm imeneyi ndi yowerengera assembly inanso yomwe ili m'mafayilo akeake, yosiyana ndi ya mathops ija.

Dzenje lachiwiri, ili ndi lomwe limagwetsa aliyense woyamba kumene. Configure ikuuza kuti x264 not found using pkg-config, iwe n'kumati koma x264 ndili nayo, VLC ikusewera mavidiyo bwinobwino. Zoona uli nayo, koma uli ndi theka. Pa Ubuntu ndi Debian laibulale iliyonse anaigawa pawiri, pali yongogwiritsa ntchito, ndiye pali ina dzina lake limathera ndi -dev, m'menemo ndi momwe muli ma header, timafayilo tothera ndi .h, ndi kafayilo ka .pc komwe pkg-config amawerenga kuti adziwe zinthu zili pati. Yoyambayo ili ngati ndiwo zophikaphika, ukhoza kudya koma sungaphikire china, ya -dev ndiye zophikira zake. Ndiye ukufuna libx264-dev, ukafuna MP3 ndi libmp3lame-dev, Opus ndi libopus-dev, choncho choncho. Lamulo langa ndi loti ukaona No such file or directory pa fayilo yothera ndi .h, usaganize zambiri, pali -dev ina yomwe ikusowa. Ukapanda kudziwa dzina lake pali kapulogalamu kotchedwa apt-file, umalemba apt-file search ndi dzina la fayiloyo, kamakuuza phukusi lake.

Komanso x264 ndi ya GPL, ndiye ukalemba --enable-libx264 pokhapokha ikukanira, uyikenso --enable-gpl pambali pake. Imeneyo imanena yokha momveka, ungowerenga.

Configure ikakana pa chifukwa chomwe sukuchimvetsa, usalimbane ndi zomwe zili pa sikirini, tsegula ffbuild/config.log upite kumapeto kwenikweni. Configure imagwira ntchito poyesa timapulogalamu tating'onoting'ono kuti ione ngati chakuti chilipo, ndipo koyesa komaliza komwe kalephera kamalembedwa m'menemo ndi chifukwa chake chenicheni. Nthawi zambiri imati x265 sinapezeke pamene x265 ilipo, chosowa ndi china chomwe x265 imadalira. Pa sikirini sudzaona zimenezo, mu log mokha.

Tsopano za laputopu yakoyo, RAM yake ndi 4 GB eti? Zolemba zambiri za pa intaneti zimati make -j8 kapena -j16 chifukwa olembawo ali ndi makina akuluakulu. Nambala imeneyo ndi kuchuluka kwa ma gcc omwe akugwira ntchito nthawi imodzi ndipo aliyense akudya RAM yake, ndiye iwe uli ndi Chrome ma tab 20 otsegula, RAM ikatha Linux sinyengerera, imangosankha pulogalamu imodzi n'kuipha. Ukaona mawu oti Killed signal terminated program cc1, dziwa kuti code ilibe vuto, ndi memory yatha. Ukalemba sudo dmesg upeza Out of memory pamenepo. Tseka browser, gwiritsa -j2, ikapitiriza uwonjezere swap, malo a pa disiki othandizira RAM ikadzaza, imeneyo ndidzakulembera ikafunika. Ndipo laputopuyo uyiike pa tebulo osati pa bedi, itentha ngati mbaula.

Chinanso choipa cha -j n'choti ma gcc onsewo amalankhula nthawi imodzi ngati pa msika, mmodzi akagwa anzake amapitirizabe kulemba zawo, ndiye error ija imakwiririka m'mwamba. N'chifukwa chake chithunzi chako chinatsala pang'ono kuiphonya. Zikakanika ingolembanso make yokha popanda -j, siyiyambiranso pachiyambi, imapitiriza pomwe inalekera ndipo igwa pompo pa fayilo yovutayo, error ili poyera. Ukafuna kuona lamulo lonse lomwe gcc wapatsidwa, make V=1. Ndipo warning si error, FFmpeg imalavula ma warning ambirimbiri achikasu ndi apinki, asiye adutse.

Ine zinandichitikirapo zina zopusa kwambiri. Ndikupanga compile chinthu china usiku, batire la laputopu linali lakufa kale, magetsi phethi. Atayaka ndinangolemba make kuti ipitirize, ikufika kumapeto pa link, polumikiza zidutswa zonse kukhala pulogalamu imodzi, n'kumandiuza undefined reference, ina file truncated, ndinatha masiku awiri ndikufufuza laibulale yomwe sinkasowa n'komwe. Chomwe chinachitika, mafayilo ena a .o, omwe gcc amapanga kuchokera ku .c, analembedwa theka magetsi akuthima, ena analibe kanthu m'kati, koma make amangoyang'ana nthawi ya fayilo, akaona kuti .o ndi yatsopano kuposa .c amati iyi yatheka kale. Ndiye makina akazima pakati pa ntchito, make clean kaye. Ukasintha za configure kapena wayika ma -dev atsopano, make distclean n'kuyambiranso configure, apo ayi ikhala ikukumbukira zakale.

Pa nkhani ya nthawi yomweyo, malaputopu akale ngati yakoyo kabatire kakang'ono ka wotchi kam'kati kamatha, ndiye deti imabwerera zaka m'mbuyo. Ukaona Clock skew detected, kapena apt ikukana kuti Release file is not valid yet, yang'ana deti ya makina usanakhudze china chilichonse.

Ndipo usachite zomwe unachita ulendo uja, kumasulira fayilo pa Windows ya mnzako n'kubweretsa foda pa flash. Zikadutsa m'menemo chilolezo choti fayilo iyende chimatayika, ./configure imati Permission denied, nthawi zina mizere imasinthidwa mathero ake n'kumakuuza bad interpreter ndi ka ^M kumapeto. Bweretsa tar.xz momwe ilili, umasulire pa Ubuntu pomwepo ndi tar xf, mu home mwako.

Sudo usamuike paliponse ngati mchere. Configure ndi make sizifuna sudo, ukatero mafayilo amakhala a root, bwana wa makinawo, kenako mawa ukukanika kufufuta foda yako yomwe. Ine ndingakonde uyike --prefix=$HOME/ffmpeg pa configure, ndiye make install iyika zonse mu foda yakoyo, osafuna sudo n'komwe, zikakunyansa umangofufuta fodayo basi. Ukasiya prefix imapita ku /usr/local, ndipo FFmpeg ilibe vuto kwenikweni pamenepo, koma ukakhalanso ndi ya apt ku /usr/bin umatha kusokonezeka kuti ikuyenda ndi iti. Lemba which ffmpeg, kenako ffmpeg -version, imaonetsa nambala yake ndi zonse zomwe unapereka ku configure. Ndipo ngati unayika --enable-shared n'kukuuza kuti error while loading shared libraries, libavdevice chakuti chakuti, usagwe mphwayi kuti zonse zapita m'madzi, compile yatheka, kungoti makina sanadziwe komwe malaibulale atsopanowo ali, ngati ali ku /usr/local ndi sudo ldconfig basi. Koma poyamba pano --enable-shared isiye, sukuifuna.

Ndiye chita chonchi madzulo ano, tenga yatsopano ija, yika ma -dev, configure, kenako ulembe make -j2 2>&1 | tee log.txt, ndikulemberanso pansipa kuti ungokopera poti pa voisi zizindikirozi sizimveka. Zimenezo zisunga chilichonse mu log.txt. Ikakanikanso usandijambulire sikirini ndi foni, nditumizire log.txt yonseyo ku inbox pamodzi ndi mzere wa configure womwe unalemba, komanso config.log ngati yafera pa configure, ndiziona ndikaweruka cha m'ma 6.

Amayi, uthenga wanu wa feteleza uja ndaumva, sindinaiwale, ndikuimbirani ndikafika kunyumba.