Kodi mwana wanu amacheza ndi ndani m'masewero apafoni?

Mayi wina wa ku Makawa watilembera pa imelo. Akuti mnyamata wawo wa zaka 15 akangoweruka kusukulu amatenga foni, n'kuika zomvera m'makutu, ndipo mpaka usiku amakhala akuseka ndi kukalipirana ndi anthu osaoneka. Akamufunsa amati ali ndi anzake mu Free Fire ndi Roblox. Funso lawo n'lakuti: chimamukoka kumeneko n'chiyani, nanga anthu oti sanaonanepo amakhala bwanji paubwenzi?

Mayi, zinthu ziwiri mwatchulazi n'zosiyana. Free Fire, yomwe kampani ya Garena inatulutsa mu 2017, ndi sewero la nkhondo: anthu okwana 50 amatera pachilumba, kawirikawiri m'magulu a anayianayi otchedwa squad, ndipo pakatha mphindi pafupifupi 10 wopambana amakhala atadziwika. Roblox, yomwe inatuluka mu 2006, ndi bwalo lalikulu lokhala ndi masewero ambirimbiri opangidwa ndi osewera eni ake. M'masewero ena a mmenemo mulibe kupambana kapena kugonja. Munthu amangokhala ndi nyumba, kuvala, kuyendayenda ndi kucheza. Second Life, yomwe Linden Lab inatsegula mu 2003, inayambiratu choncho: akuluakulu amamangamo nyumba, kugulitsa zovala, kuvina, ngakhale kuchita maukwati, ndipo ndalama ya mmenemo imasinthidwa ndi madola enieni. Ngati malo opanda chikho chilichonse akhala ndi anthu zaka zoposa 20, ndiye kuti chowasunga ndi anthu anzawo.

Zili ngati pabawo. Amuna amene amasonkhana pansi pa mtengo madzulo sabwerera nkhomo zokha, amabwerera macheza, koma popanda bawoyo sakanakhala limodzi nthawi yonse ija. Kuno ku Mangochi nkhaniyi ili ndi mbali inanso. Mabanja ambiri ali ndi wina ku Joni. Mukamuimbira foni, mukangomaliza kupatsana moni ndi kufunsa za kumudzi nkhani zatha. Koma mkulu ali ku Johannesburg ndi mng'ono wake ali ku Namwera akalowa squad imodzi, amatha ola lathunthu akuchitira chinthu pamodzi, ndipo zakukhosi zimatuluka zokha. Mwana wamanyazi nayenso amapezako mpata, chifukwa amayamba wabisala kuseri kwa avatar, kachithunzi komuimira kaja, n'kudziwika ndi luso lake asanadziwike ndi nkhope kapena nsapato zake.

Ubwenzi wake umayenda motere. Wosewera aliyense ali ndi dzina ndi nambala ya ID. Akakumana ndi munthu wosewera bwino amamutumizira pempho loti akhale mnzake, ndipo mawa akamuona kuti walowa amamuitana. Asanayambe mpikisano amadikirira pamalo otchedwa lobby atatsegula maiki, ndipo macheza ambiri amachitikira pamenepo. Kudalirana kumabwera ndi zochita: mnzako akawomberedwa n'kugwa umaika moyo wako pachiswe kukamudzutsa, ukalonjeza kuti ulowa 8 koloko umalowadi. Amene amathawa anzake kapena kutukwana amachotsedwa msanga. Kenako amalowa gulu lalikulu lotchedwa guild, lomwe limakhala ndi mtsogoleri ndi malamulo ake, ndipo pomaliza macheza amasamukira pa WhatsApp kapena Discord, pulogalamu ina yochezera yomwe osewera amaikonda. Ubwenzi wotere ife timautenga kuti ndi weniweni, ndipo n'chifukwa chake umafuna diso la kholo.

Mavuto amayambira posamukira paja. M'sewero mumakhala zosefa mawu oipa ndi batani lonenezera munthu, pamene pa WhatsApp mwana amatsala yekha ndi mlendo. Munthu wamkulu wofuna kunyengerera mwana amayamba ndi mphatso za m'sewero, kenako amati macheza awo akhale achinsinsi, kenako amapempha zithunzi.

Vuto lina ndi ndalama. Zovala ndi mfuti zokongola zimagulidwa ndi ma diamond mu Free Fire kapena Robux mu Roblox, ndipo wopanda nazo amaoneka wotsalira pakati pa anzake. Akathyali amapezerapo mwayi: amalonjeza ma diamond aulere n'kutumiza linki yofuna password, ndipo poti ambiri amalowa m'sewero kudzera pa Facebook kapena Google, akauntiyo imabedwa yonse. Ena amalandira ndalama pa Airtel Money kapena TNM Mpamba n'kuzimitsa foni. Pa bandulo, kusewera kwenikweniko sikudya kwambiri ayi. Chomaliza bandulo ndi ma update, zokonzanso seweroli zofunika kuzitsitsa pa intaneti, omwe amatha kutenga ma MB mazanamazana nthawi imodzi, ndi mavidiyo a osewera ena pa YouTube ndi TikTok. Kuchezera usiku nakonso kuli ndi chifukwa: anthu ambiri akagona netiweki imapepuka, ndipo ping, nthawi imene uthenga umatenga kukafika ku seva, kompyuta yaikulu yoyendetsa seweroli, ndi kubwerako, imatsika. Ikadutsa mamilisekondi 200 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000) munthu amatha kuphedwa asanaone n'komwe mdani.

Musayambe ndi kulanda foni, mayi, chifukwa akabwereka ya mnzake ndipo simudzadziwanso kanthu. Khalani naye pansi akuonetseni mndandanda wa anzake, akuuzeni amene amawadziwa kusukulu kapena m'mudzi, achibale, ndi amene sanawaonepo. Omalizawa asapatsidwe nambala, dzina la sukulu kapena chithunzi. Mu Free Fire maiki ikhale ya gulu lake lokha, osati ya onse. Mu Roblox tsiku lobadwa likhale loona, popeza zimene amaloledwa kuona zimatengera msinkhu, ndipo mukhoza kulumikiza akaunti yanu ndi yake kuti muziona anzake ndi nthawi imene akutha. Pa Google ndi Facebook tsegulani chitetezo chofuna nambala yachinsinsi yobwera pafoni kuwonjezera pa password. Nkhani ya nthawi gwirizanani mpikisano usanayambe, chifukwa kutuluka pakati n'kusiya anzake atatu pamoto ndipo kumamutsitsa pamlingo wake m'sewero, n'chifukwa chake amakwiya mukamutuma mwadzidzidzi. Ndi bwino kumuuza kuti uwu ndi womaliza, ukatha foni igone kuchipinda kwanu.

Wina akamupempha zithunzi kapena kumuopseza, musafufute mauthengawo. Ajambuleni, kaneneni ku Victim Support Unit ya polisi, kapena imbani 116, nambala yaulere yothandiza ana.