Za nyenyezi ya Alpha Centauri ija, achimwene

Eee achimwene, mwaswera bwanji ku Dzivarasekwa uko. Ndamva funso lanu lija, mukuti mwaloza nyenyezi imene ndinkanena kuti ndi ziwiri koma inu mukungoona imodzi basi, ndiye mukuganiza kuti ogulitsa telesikopu aja anakupusitsani. Ayi, sanakubereni, telesikopu yanu ya galasi lakutsogolo la 70mm iyo ikukwana bwinobwino, yanganso ndi yomweyo.

Choyamba tione ngati mwaloza yolondola. Mukayang'ana kum'mwera madzulo ano a June muona ka mtanda kaja, Southern Cross, ndiye pambali pake pali nyenyezi ziwiri zowala zoloza mtandawo. Siyani yapafupi ndi mtanda, imeneyo ndi Hadar, tengani yakutaliyo, yowala kwambiri yachikasu pang'ono, ndiye Alpha Centauri imeneyo. Ndi madzuwa awiri, A ndi B, amazungulirana ndipo kuti amalize ulendo umodzi zimatenga zaka pafupifupi 80, tangoganizani, moyo wonse wa munthu. Kuwala mukukuonako kunanyamuka kumeneko zaka zinayi ndi miyezi ingapo zapitazo, nthawi imene mwana wanu wachiwiri ankayamwa.

Tsopano vuto ndikuliganizira ndi kagalasi koika diso kaja. Mu bokosi munali tiwiri, kolembedwa 25mm ndi ka 10mm eti? Pa thupi la telesikopu palembedwa 700, mugawe 700 ndi 25 mupeza 28, ndiye kuti ikukulitsa ka 28 kokha, imeneyo ndi yofufuzira nyenyezi basi. Mukaipeza muiike pakatikati, musinthe muike ka 10mm, apo ikula ka 70, kenako mupotoze fokasi pang'onopang'ono mpaka kadontho kachepetsetse. Anthu ambiri amapotoza kuti chikule ngati chimbale poganiza kuti ndiye zoom, ayi apo mwasokoneza. Kakachepa mudikire, chotsani dzanja, musapumirenso pa chubu, ndiye mungoona kang'ambika pawiri, timadontho tiwiri togundizana, kena kowala kwambiri kena kofookerapo, pakati kamzere kakuda kopyapyala ngati ulusi. Ine tsiku loyamba ndinakuwa mpaka alamu anu anatuluka ndi chitenje kumanja kuti kwalowa mbava.

Chinanso, musadikire kuti magetsi azime, nyenyezi imeneyi ndi yowala sifuna mdima, chimene imafuna ndi mpweya wodekha. Ine kuno ku Mufakose ndinataya masiku atatu ndikuloza pamwamba pa malata a neba, malata atentha tsiku lonse ndiye usiku akutulutsa kutentha, nyenyezi imangovina ngati ili m'madzi owira. Mupite pa kapinga, mutulutse telesikopu mphindi 30 musanayambe kuti izizire, ndipo muidikire ikwere m'mwamba cha m'ma 8 kapena 9 koloko. Izithawa m'galasimo, musadabwe, ndi dziko likuzungulira, muzingoikankha pang'ono. Juzi musaiwale, kuzizira kwa Harare mukukudziwa.

Pali yachitatu, Proxima, anaitulukira Robert Innes ku Johannesburg mu 1915, koma imeneyo iwalani kaye, ndi yofooka zedi. Mukatha iyi muyese Acrux, ya kuphazi kwa mtanda, nayonso ndi ziwiri koma zothinana kwambiri. Zikakanika Loweruka ndikwera kombi ndibwere, muwauze alamu aphike tiyi wambiri.