Kodi ulipo udzu wosunga feteleza m'nthaka?

Bambo wina wa kwa Khombedza ku Salima wanditumizira imelo. Akuti munda wawo ndi wamchenga, ndipo akathira urea, mvula yamphamvu ikangogwa chimanga chimabwereranso kuchita chikasu. Amva kuti kuli udzu woteteza feteleza, ndiye akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati angasiye kugula.

Bambo, n'zoona ndithu, koma kugula musasiye.

Urea akalowa m'nthaka amasanduka chakudya cha mbewu chotchedwa ammonium, yemwe amamatirira ku dothi n'kumadikira mizu. Ndiye pali tizilombo tosaoneka ndi maso, monga Nitrosomonas, timene timayambitsa ntchito yomusandutsa nitrate. Vuto lagona pamenepo. Nitrate sagwira dothi, madzi akamatsika iye amatsika nawo mpaka kupitirira mizu, ndipo pamchenga ngati panupo sizichedwa. Wina amakathera m'mitsinje ndi m'nyanja, wina amauluka ngati mpweya wotenthetsa dziko.

Zomera zina mizu yake imatulutsa mankhwala ofooketsa tizilomboti, motero ammonium sasanduka msanga nitrate. Akatswiri a mabungwe ofufuza za ulimi a JIRCAS ku Japan ndi CIAT ku Colombia adazitsimikiza pa udzu wa ziweto wotchedwa Brachiaria humidicola, ndipo mu 2009 adalengeza mankhwala ake, brachialactone. Mapira omwe timawapeputsawa nawonso amatulutsa awo, sorgoleone. Mu 2021 a JIRCAS ndi a CIMMYT, bungwe lofufuza za chimanga ndi tirigu, adalengeza tirigu amene adamulowetsa mphamvuyi kuchokera ku udzu wakutchire.

Kumayiko olemera amadandaula kuti alimi akuthira mopitirira muyeso. Kuno mlimi amagulitsa mbuzi kuti apeze thumba limodzi, ndiye zimandiwawa kuti gawo lina la thumbalo lingopita ndi madzi.

Komatu mphamvu yofooketsa tizilombo ija imagwira pafupi ndi mizu ya chomeracho. Mukabzala udzu wa Brachiaria uja m'malire mwa munda, ng'ombe zidya bwino ndipo nthaka sikokoloka, koma chimanga cha pakati sichitetezeka ayi.

Chaka chino chitani izi, bambo. Urea wobereketsa mugawe pawiri, osathira yense tsiku limodzi. Bowolani kadzenje pambali pa phando, thirani, kwirirani. Wongomwaza pamwamba amauluka. Kukamaoneka kuti kugwa chimvula, dikirani. Onjezerani manyowa kuti mchengawo uzigwira chakudya, ndipo nandolo kapena mtedza zisasowe m'kasinthasintha wanu. Mbali ya munda imene chimanga chimakanika chaka ndi chaka, yesanipo mapira. Za mbewu ya mapira monga Pilira 1 kafunseni alangizi kapena ku Chitala, komwe amachita kafukufuku wa mbewu konkuno ku Salima.