Amatchipa, koma kwa ndani?

Achimwene, mwafunsa ngati mankhwala amatchipa boma likalola kuti azigulitsidwa popanda kalata ya dokotala. Zimatengera amene akusolola m'thumba.

Taonani nkhani ya Claritin ku America, mankhwala a anthu amene amayetsemula ndi fumbi kapena mungu. Mu 1998, amene anapempha bungwe la boma loyang'anira mankhwala la FDA kuti aziguluka popanda kalata ya dokotala sanali opanga ake, a Schering-Plough, koma kampani ya inshuwalansi ya WellPoint. Ochenjera amenewo! Chilolezo chinatuluka mu 2002, ndipo mtengo unatsikadi makampani ena atayamba kupanga mankhwala omwewo, otchedwa loratadine.

Wopanda inshuwalansi anapumako, sankalipiranso dokotala pongofuna kapepala. Koma ambiri amene anali nayo anayamba kudzigulira okha paketi yonse, poti inshuwalansi inasiya kulipira.