Masamu a timabokosi: kodi mwana wanga akuphunzirapo kanthu?

FUNSO: Ndine mayi wa ana awiri ndipo ndimakhala ku Rosettenville muno mu Johannesburg. Mwana wanga wamkazi, yemwe ali mu Giredi 8, amabwera ndi masamu a timabokosi topanda kanthu, ndipo amauzidwa kuti aikemo manambala kuyambira 1 mpaka 9, iliyonse kamodzi kokha. Akuti mayankho olondola ndi ambiri. Ife kumudzi samu inkakhala ndi yankho limodzi, ukaphonya waphonya. Kodi kumeneku si kutaya nthawi? Mayi wodandaula.

YANKHO: Mayi, mtima ukhale m'malo, chifukwa masamu amenewa ndi amene amaulula ngati mwana akumvetsadi zimene akuchita kapena wangoloweza njira.

Tiyeni tiyese imodzi. Tengani 1, 2, 3, 4 ndi 5, mupange nambala ya timabokosi titatu ndi ina ya timabokosi tiwiri, kuti mukazichulukitsa yankho likhale lalikulu koposa. Ana ambiri amathamangira 543 × 21, poganiza kuti manambala akuluakulu ayenera kukhala pamodzi, ndipo amapeza 11,403. Amene waupeza mtima amayesa 521 × 43 n'kupeza 22,403, kenako 431 × 52 yomwe imapereka 22,412, ndipo palibenso ina yoposa pamenepa. Pofika apa mwana wachulukitsa kangapo popanda womukakamiza, komanso wazindikira yekha kuti mphamvu ya nambala imadalira malo amene yakhala. Kwa ine, phunziro limeneli limaposa tsamba lodzaza ndi masamu ofanana amene mwana amalemba maganizo ali kwina.

Ina yomwe ndimaikonda ndi yophatikiza, pomwe manambala onse asanu ndi anayi amalowa m'timabokosi titatutitatu, monga 192 + 384 = 576 kapena 327 + 654 = 981. Mwana wanu akapeza mayankho angapo, mumuuze aphatikize manambala a m'yankho lililonse. Adzaona kuti 5 + 7 + 6 ndi 18, ndipo 9 + 8 + 1 ndi 18 ndithu. Zimatero nthawi zonse, chifukwa manambala onsewo pamodzi amakwana 45, ndipo samuyo siitheka pokhapokha musunge 1 kamodzi kokha pophatikiza.

Kunyumba simufunika kugula chilichonse. Tolani zitsekerero za mabotolo zisanu ndi zinayi, mulembepo manambalawo, kuti mwana azizisuntha patebulo m'malo mofufuta mpaka kope kubooka. Inu musamuuze yankho ngakhale mwaliona, muzingomufunsa kuti, "Wadziwa bwanji kuti palibe lina loposa limeneli?"

Kumbukiraninso kuti kuno ku South Africa mwana akamaliza Giredi 9 amasankha pakati pa Mathematics (masamu ozama) ndi Mathematical Literacy (masamu a pa moyo wa tsiku ndi tsiku), ndipo maphunziro a udokotala kapena uinjiniya ku yunivesite amafuna Mathematics. Choncho ndikupemphani kuti mukakumane ndi aphunzitsi ake temu ino, mukawafunse ngati mwana wanu amatha kufotokoza pakamwa chifukwa chomwe wasankhira yankho lake, ndiponso kuti azikupatsani samu imodzi yotere yochita kunyumba Loweruka lililonse.